Ndinkayesa ndi khate

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndaima pano kuti ndichitire umboni.

Zinayamba ngati chimfine, nthawi yokumba mtedza chaka chatha. Cha anzanga chinatha, changa ayi. Mphuno yotsekeka, mamina achikasu onunkha, nthawi zina osakanikirana ndi magazi. Ndikawerama m'munda, nkhope inkalemera ngati andimangirira mwala pansi pa maso. Mutu, abale, mutu. Fungo ndinasiya kumva. Ndiwo zinkapserera pamoto ine ndili pomwepo.

Tsiku lina kuchitsime ndinamva amayi ena akunong'onezana kuti azakhali anga nawonso anayamba ndi mphuno. Akuluakulu mukuwakumbukira azakhali angawo. Anadwala khate, anawakweza pa lole kupita kumudzi wa akhate, ndipo sitinawaonenso. Tsono inu amayi mukudziwa kuti ndili ndi mwana woyamwa. Ndinkati ndikamuika kubere, mtima n'kumafunsa ngati ndikumupatsa mkaka kapena ndikumupatsa matenda. Ndinayamba kumwera chikho changachanga. Ndinkadzitsina m'manja, kudzitsina m'miyendo, kuti ndione ngati ndikumvabe kuwawa. Kukacha kudzitsina, kumunda kudzitsina, ngakhale muno m'tchalitchi ndinkadzitsina.

Kuchipatala ndinkakana. Ndinkaganiza kuti ndikangolowa, sinditulukanso. Amalume anabwera ndi masamba ofukiza, ndinafukiza, osasintha. Amuna anga ndi amene anati, "Amake Tisa, kaya ndi khate kaya si khate, tiyeni tikamve. Akakakusungani komweko, ine ndidzamanga kanyumba pafupi." Anandikweza pa njinga kuchoka kuno ku Sinda mpaka kuchipatala ku Katete, mwana ali kumsana.

Adotolo anali mzungu, ndipo bambo wina wa kwathu konkuno, wovala zoyera, ndiye ankamasulira. Anandifunsa kuti zinayamba liti, mamina ake ngotani, komanso ngati mano akumwamba amapweteka. Ndinadabwa, pakuti za manozo ndinali ndisanauze munthu. Anandiyang'ana khungu lonse, kumsana, m'makutu. Anandiuza kuti nditsinzine, n'kumandikhudza ndi thonje kuti ndiziloza pamene ndamva. Abale, ndinkaloza ndikulira, kuopa kuti pena andikhudza ine osamva. Kenaka anandidina ndi chala pansi pa diso la kumanzere, ndinalumpha. Anandilowetsa m'kachipinda ka mdima n'kundiika kanyali m'kamwa. Amuna anga, amene ankaona, akuti tsaya lina linawala, lina linangoti bii.

Womasulira uja anati, "Mayi, si khate. M'mafupa a nkhope muli timphako, ndipo ka kumanzereka kakhala ndi mafinya nthawi yaitali. N'chifukwa chake chimfine chanu sichinkatha."

Ndinawapempha kuti abwereze. Anabwereza. Ndinafunsa za mwana, anati ndizimuyamwitsa popanda nkhawa.

Ananditsuka m'mphuno ndi kachitsulo kobowoka, zowawa ndithu, ndipo zimene zinatulukamo sindingazitchule m'nyumba ya Mulungu. Anandibaya jekeseni masiku angapo. Anandichenjeza kuti matendawa amabwerera, makamaka nthawi yozizira ndi ya fumbi, ndipo zikatero ndipitenso msanga. Tsono sindikunamizeni, abale, mantha sanatheretu. Mphuno ikangotsekeka pang'ono, mtima umagunda. Muzindipemphererabe. Koma mutu unapepuka, kumunda ndikulima, ndipo ndili kwathu ndi mwana wanga.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiperekeza mpaka pakhomo limene ndinkaliopa. Ndikuthokozanso amuna anga, ali apo akuyang'ana pansi. Abusa, ine ndathera pomwepa. Amayi anzanga, imirirani, yambitsani nyimbo, mukondwere nane. Inenso ndiimba nawo, ndipo mundimva, pakuti mawu anga sakutulukiranso m'mphuno. Ameni.