Mmene a Nankhoma Anakanira Fisi

Kalelo, msika wa pa Nsaru udakali wa timisasa ta udzu, galimoto ikati yadutsa mudzi wonse n'kutuluka kukanunkhiza utsi wake, ine ndinachoka kwathu ku Nambuma kudzalowa chikamwini kuno kwa agogo anu aakazi, a Nankhoma. Sokani fodyayo uku mukumva, adzukulu inu, makutu sasoka nawo. Iwe Yamikani, foniyo iike m'thumba, sithawa.

Inu lero mumafunsirana pafoni, koma ife tinkayamba talima munda wa apongozi mpaka msana kupindika ngati chikwakwa. Ndinali mnyamata wooneka bwino, musaseke, mano onse analimo, ndipo ndikayambitsa nyimbo kutchalitchi ngakhale mileme ya kudenga inkatsika kudzamvetsera. Ukwati wathu tinadalitsa pamaso pa mpingo, tinalonjezana kuti pamtendere ndi pamavuto tidzakhala awiriwiri basi. Tsikulo mawuwo anali opepuka ngati nthenga, koma kulemera kwake tinadzakumva patsogolo.

Dzinja linabwera n'kupita, linanso n'kupita, anzathu amene tinakwatira nawo chaka chimodzi ana awo anayamba kuthamangitsa nkhuku, koma m'nyumba mwathu munali zii, zolira zake mbewa zokha. Masiku ano mumapita kuchipatala, amakuunikani n'kukuuzani pamene pali vuto. Kalelo chipatala chinali pakamwa pa amayi a kuchitsime, ndipo iwo anandipima ali patali n'kupeza kuti ine ndinagwa m'papaya. Ndikamadutsa, wina amvekere, "Tapatukani anzanga, akudutsa atambala osalira!" Ine n'kumaseka nawo, poti nthabwala ndinabadwa nazo, koma agogo anuwa ankati akabereka kumbuyo mwana wa mnansi, pomubweza kwa amake manja ankachita kukanirira. Tsiku la ubatizo wa makanda ankayimba atayang'ana pansi. Tinkapemphera, ana inu, mpaka mawondo kuchita zikang'a, koma kumwamba kunali ngati atsekako ndi mpiringidzo.

Tsiku lina ndikuthirira mpiru kudimba, anatulukira atsibweni awo a agogo anu, eni mbumba, munthu wa mimba ngati nkhokwe, mawu ngati ng'ombe yagwera m'chitsime. Anakoka fodya wamphuno, n'kuyetsemula mpaka achule onse kulowa m'madzi, amvekere, "Mkamwini! Hm! Ife sitinakulandireni kuti mudzatithere chimanga. Mbumba yanga ikufuna mbewu. Loweruka lino mupite ku Namitete mukanditengere gudumu la ngolo, ndipo mukagone konko. Mwamva? Mu-ka-go-ne kon-ko."

Inu a lero simungamve, koma ine ndinamva. Unali mwambo wa fisi. Mwamuna akamaoneka kuti sabereka ankamutuma ulendo, ndipo kumbuyo kuno akuluakulu ankalowetsa mwamuna wina m'nyumba mwakachetechete. Mwana akabadwa ndi wako, palibe wotsegula pakamwa. Ndinati, "Koma atsibweni, ifetu ndife a mpingo." Iwo amvekere, "Mpingo? Kodi abusa amagona pakhomo panu? Mukakana, dimba ili ndi munda uja mundibwezere, mupinde mphasa yanu muzipita."

Apa ndiye mvetsetsani. Inu mumaganiza kuti woyesa uja amabwera ndi nyanga ndi mchira, eti? Akanabwera choncho ndikanamuswa ndi khasu pompo. Amabwera ndi mawu a m'bale wako, atanyamula chinthu chomwe chija wakhala ukuchilirira m'mapemphero. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindinawabisire akazi anga. Ndinawapeza akuswa mtedza pakhonde, ndinati, "A Nankhoma, ine mtima wanga ukukana, koma misozi yanu ndimaiona. Sindikukankhirani uku kapena uko. Mukafuna kuti ndipite ndipita, ndipo sindidzakunenani mpaka kumanda." Iwo anangopitiriza kuswa mtedza wawo.

Loweruka m'mawa ndinapopa njinga yanga yokalamba, yoti ikamanyamuka pa Nsaru a ku Kabudula amva kale kulira kwake. Ndinayang'ana pakhomo, chitseko chili chitsekere. Ndinapalasa pang'onopang'ono ngati ndikuperekeza maliro, ndipo ndisanafike pa kamlatho ka mitengo ndinamva kumbuyo, "A Chisale! A Chisale inu! Taimani!" Kucheuka, ndi a Nankhoma, fumbi koboo, chitenje chakwezedwa m'mawondo, mpango walendewera pakhutu limodzi, liwiro loti gwape akanabwera kudzapempha maphunziro. Anafika n'kudziponya pakaliyala, ali wefuwefu.

"Kodi mukupita kuti, mayi?"

"Ku Namitete. Si mwati kuli gudumu? Gudumu limalemera, tikanyamulizana."

"Nanga atsibweni?"

"Mlendo wawoyo akamuyalire okha kwawo. Palasani!"

Tili m'njira, nkhope ataitsamiritsa kumsana kwanga, anandiuza zoona zake. Anati, "A Chisale, musandiyese mngelo. Ndinafuna. M'nyumba ndinasesa, mphasa yatsopano ndinayala. Koma nditagwada kuti ndipemphe Mulungu adalitse zimenezo, pakamwa panakana kutseguka. Ndiye ndinati, chinthu chimene ndikulephera kuchitchula pamaso pa Mulungu, ndidzachibereka bwanji kumbuyo kwanga?" Malaya anga ananyowa kumsanako, ndipo silinali thukuta. Inenso msewu sindinkauona bwino, tinatsala pang'ono kukaima pakati pa munda wa chinangwa wa eni.

Atsibweni sananame. Dimba analanda, munda analanda. Tinakakhala matenanti pa esiteti ina cha ku Mpingu, kulima fodya wa eni, chimanga chochita kutiyezera m'chitini, ndipo ine ndinaonda mpaka lamba ankandizungulira kawiri. Mukudikira ndinene kuti chaka chotsatira kunabadwa mapasa, eti? Ayi. Mimba ya agogo anu sinaberekepo mpaka lero. Mulungu si wa m'golosale woti ukapereka kukhulupirika iye akupatsa katundu wako pompo.

Koma pa esitetipo mayi wina wochokera kutali anamwalira n'kusiya tiana tiwiri topanda wotitola, ndipo a Nankhoma anangotikumbatira osafunsa munthu. Amayi ako, Yamikani, anali wamng'onoyo, wolira ngati wezulo. Pambuyo pake anabwera ana a mchemwali wawo wa a Nankhoma, kenaka enanso, mpaka ine kusowa powongolera mwendo m'nyumba mwanga momwe. Kuno tinabwerera atsibweni aja atakalamba, mimba itaphwa, mawu atatsala a kamwanapiye, ndipo amene ankawamwetsa phala ndi supuni anali a Nankhoma omwewo.

Dzana ndinawafunsa tikuwothera dzuwa, ndinati, "Mayi, kodi simudandaula?" Iwo amvekere, "Masiku ena ndimadandaula, ndinamirenji? Koma ndimadandaula ndili ndi mtendere. Tasunthani uko, mwanditchingira dzuwa."

Ndiye adzukulu anga, mayesero anu ndi ena, a m'matauni ndi m'maulendo, ena ine sindiwadziwa n'komwe mayina ake. Koma likakufikirani lanu musalisenze nokha mobisa, mutu umodzi susenza denga. Muuzeni mnzanu amene mumamukhulupirira, ndipo chimene mtima ukufunacho yesani kuchitchula mutagwada. Chikakana kutuluka pakamwa, chisiyeni chipite, ngakhale mutachilira. Misozi yotero imauma, ana anga, ndipo tulo mumagona.