Chithunzi cha aNkhoma chimene ndinafufuta

Chaka chija mafakitale ambiri a ku Belmont kuno ku Bulawayo anali atatseka zipata, makombi am'mawa, maminibasi aja, akupita m'tauni opanda anthu a maovolosi, ndi chaka chimene kamera iyi inalowa m'nyumba muno. Iwe Thoko, usagwire pagalasipo, ndipo ika foni yakoyo pansi. Wati ukufuna kuibwereka ukajambule ukwati wa mnzako Loweruka, chabwino, koma uyambe wamva chimene ine agogo ako ndinachita nayo. Enanu sendererani kuno pamthunzi. Ndikudziwa kuti Chichewa chanu chimathera pa moni, koma nkhani iyi m'Sindebele singatuluke, ikhoza kunditsamwa pakhosi.

Ine ndinajambula anthu muno mu Luveve kuyambira ndili ndi mano onse m'kamwa. Ndinali ndi kasitudiyo kuseri kwa golosale, nsalu kukhoma yojambulidwa nyumba yosanja, ndi jekete limodzi lakuda ndi taye yake. Munthu wa kwathu ku Nyasalande akalandira kumapeto kwa mwezi amabwera, kuvula ovolosi, kuvala jekete lija, ndipo chithunzicho chimapita kumudzi kuti akaone kuti mwana wawo ku Bulawayo ndi bwana. Jekete limenelo linafika ku Dedza, ku Dowa, ku Ntcheu, mwini wakene ndili pompano. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, tinkadziwa tonse, koma palibe amene ankafuna kuliza mayi ake ndi chithunzi. Ndipo ntchito yathu inali ndi lamulo limene palibe anatiphunzitsa: munthu saona chithunzi chake tsiku lomwelo. Amadikira sabata yathunthu, ine m'chipinda chamdima ndikusankha chabwino, kufewetsa makwinya ndi pensulo, ndipo akamabwera kudzatenga amakhala ataiwala kale mantha ake, n'kulandira chimene wapatsidwa.

Filimu itayamba kusowa m'masitolo ndinatseka situdiyo, ndipo ndinangokhala, manja ali lende. Mayi ako Esinati, Thoko, ali ku Joni nthawi imeneyo, anandimvera chisoni n'kunditumizira kamera iyi ndi amalayitsha aja onyamula katundu. Inali ya mtundu umene unali utangotuluka kumene, yopanda kalilole m'kati. Zathu zakale zija, ukaika diso umaona munthu weniweni kudzera pa kalilole, koma iyi ukaika diso umaona kakanema kakang'ono, chithunzi chitapsa kale usanadine n'komwe. Chogwira chithunzi m'kati mwake n'chachikulu ngati filimu yathu ija, ndiye ndi kamphete kolumikizira ndinamangapo lenzi yanga yakale, galasi la kutsogolo lija, ndipo itagwira ndinaseka ndekha m'nyumba ngati wamisala. Koma inali ndi makhalidwe ake. Batire limatha ngati shuga wa pamaliro, pamalo pamdima imasakasaka munthu osamupeza, ndipo ikamupeza siibisa kanthu, tsitsi lililonse, kachipsera kalikonse, imaika poyera.

Tsono aNkhoma inu simunawadziwe bwino, munali makanda. Anali mnzanga wa pamtima, tinakwera sitima imodzi kuchokera kwathu tili anyamata, iwo a ku Ntcheu, ine wa ku Dedza. Anagwira ntchito pa fakitale ya nsalu mpaka kukalamba, ndipo fumbi la thonje linamanga nyumba m'chifuwa mwawo. Anali mtchona weniweni. Anakwatira kuno, MaNcube, mayi wabwino kwambiri, koma kwawo sanapondekonso, chaka chino ndalama zachepa, chaka chamawa ana akudwala, mpaka makalata anasiya kuyenda, ndipo manyazi anatseka njira yotsalayo.

Ndiye Lamulungu lina kutchalitchi kwathu kunabwera mayi wina wamalonda, wogulitsa zitenje, wa ku Ntcheu komweko. Pocheza panja zinapezeka kuti mudzi wa aNkhoma amaudziwa, ndipo anati mlongo wawo, aNankhoma, ali moyo, nkhalamba yoyenda ndi ndodo, ndipo aliyense wochokera mbali ino amamufunsa ngati anaonako mlongo wawo. Chibale ndi fupa, ana inu, sichiola. Mayi uja anati akubwerera Lachisanu pa basi, ndipo ngati pali chithunzi akachipereka m'manja. Pamenepo n'kuti aNkhoma atagona mwezi wachiwiri, ulendo sakanautha, foni ya kanema kumudziko kunalibe. Chotsala chinali chithunzi chimodzi basi, ndipo wojambula ndinali ine.

Ndinapita Lachiwiri m'mawa. Magetsi anali atazima kuyambira dzulo lake, batire linali ndi kamzere kamodzi, koma ndinati chithunzi chimodzi sichidya batire. MaNcube anali atawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwaveka malaya oyera, ndipo tinawanyamula awiri kuwakhazika pampando pakhonde pomwe dzuwa limafika mopendekera. Ndinaika diso. Masaya anali atalowa m'kati, kolala inali yaikulu kuposa khosi, imvi mbuu. Ndinawakumbutsa za nthochi zathu zimene zinaphwanyikira m'thumba pa sitima ija, ndipo anayamba kuseka, maso anayaka, nkhope yonse inabwerera mwakale kwa kamphindi, ine n'kudina. Ndikukuuzani zoona, pa zithunzi zonse zimene manja awa anajambula, panalibe choposa chimenecho.

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo musanamizire kamera, wolakwa ndinali ine. Kunyada kunandigwira. Ndinafuna mnzanga aone chodabwitsa chimene mwana wanga wanditumizira, ndiye ndinatembenuza kamera n'kuwaonetsa kumbuyo kwake, ndinakulitsanso nkhopeyo kuti aone mmene imagwirira bwino. Ine amene ndinasunga lamulo lija moyo wanga wonse. Munthu wodwala amene mkazi wake anali atachotsa kalilole kuchipinda, ine ndinamubweretsera kalilole m'manja.

Anayang'ana nthawi yaitali, kuseka kuja kunazima.

"Ameneyu ndani, aPhiri?"

"Ndinu, achimwene. Mwatuluka bwino."

"Mlongo wanga anatsanzikana ndi mnyamata pa siteshoni ya Balaka. Inu mukufuna ndimutumizire maliro okhala pampando? Fufutani."

Ndinakana. MaNcube anawachonderera m'Sindebele kuti achisiye, n'chokongola, koma iwo anaumirira, nati kale ndinkakonza nkhope za anthu ndi pensulo, bwanji lero ndikuchititsa manyazi mnzanga. Anagwira dzanja langa, dzanja lawo lopepuka ngati phesi, nati akufuna aone ndi maso awo ndikudina. Ndinakwiya, ndisaname, ndinati m'mtima nkhalamba yamakani iyi, chabwino, tijambula china. Ndinadina. Kamera yomwe inandifunsa ngati ndatsimikiza, chitsulo chinali ndi nzeru kuposa ine, ndipo ndinadinanso.

Tinayesa kukonza. MaNcube anapinda kolala kumbuyo n'kuimanga ndi pini, tinawalowetsa pabalaza kuti dzuwa lisaonetse makwinya, koma m'menemo munali mdima, ndipo chifuwa chinawayamba, kutsokomola kosalekeza. Ndinadikira diso lili pakamera, kuzungulitsa lenzi uku ndi uku, ndipo pamene anakweza mutu kuti apume, m'diso mwanga munangoti bii. Batire latha. Kamera yanga yakale ija inalibe batire, umangopukusa ndi chala, ikanadikira nane mpaka madzulo. Ndinawauza kuti apumule, ndibwera Lachinayi magetsi akabwera, tikatsukitsa m'tauni tsiku lomwelo, basi ya Lachisanu sitiphonya. Ndikanatha kupita kwa anzathu a jenereta tsiku lomwelo, sikunali kutali, koma ndinali nditanyanyala. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Lachinayi ndinanyamuka batire litadzaza. Nditakhota pa kona ya msewu wawo ndinaona kansalu kofiira pageti, chizindikiro cha maliro kuno, mipando itatulutsidwa panja, amayi akulowa ndi zitenje m'chiuno. Ndinaima pamsewupo kamera ili m'khosi.

MaNcube anandipempha kuti ndijambule mwambo wonse kuti akwawo akaone kuti tinawasunga mwaulemu, ndipo ndinajambula, bokosi, nkhata za maluwa, manda, anthu a bungwe lathu la maliro atandanda. Mayi wamalonda uja anachedwetsa ulendo wake natenga zimenezo. Patapita miyezi ndi pamene wina anandiuza kuti m'tauni muli akatswiri obweza chithunzi chofufutidwa, ndipo ndinathamangirako ndi khadi la m'kamera, koma anandiuza kuti zithunzi za maliro zija zinagona pamwamba pake, palibe chotsala. Ndinachikwirira ndekha kachiwiri.

Tsiku lina masana foni inalira kwa MaNcube, ndipo anandiitanitsa chifukwa iye Chichewa amangomva pang'ono, ana awo ndiye ngati inu nomwe. Anali mayi wamalonda uja, ali kumudzi, ndipo anapereka foni kwa aNankhoma. Mawu awo anali aang'ono, onjenjemera. Anathokoza chifukwa cha bokosi labwino, anathokoza alamu awo, kenako anati:

"Bambo, akuti inu ndi amene munawaona komaliza. Bambo athu otibereka sanajambulidwepo chithunzi, ndipo nkhope yawo yanditayika m'mutu. Ndimati ndikaona alongo anga atakalamba, ndionanso bambo. Tandiuzeni, ankaoneka bwanji?"

Ana inu, nkhopeyo ndinali nayo m'maso, ndili nayo mpaka lero, koma bambo awo sindinawaonepo, ndipo sindinadziwe choti ndisankhe, mphuno kodi, chipumi kodi, kasekedwe kodi. Munthu amene ndinadya za nkhope za anthu moyo wanga wonse, ndinangoti anali ndi imvi.

"Imvi tili nazo tonse, bambo," anatero, ndipo sanafunsenso.

ANkhoma ankaganiza kuti mlongo wawo akufuna mnyamata wa pa siteshoni. Inenso ndinkaganiza choncho, zaka zonse zija ndikufewetsa makwinya a anthu. Koma aNankhoma ankafuna makwinya omwewo. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero, ndipo kamera iyi kuyambira pamenepo yakhala m'kabati, ndimangoipukuta fumbi.

Ndiye itenge, Thoko, ndakupatsa, si yobwereka. Mabatire ndinagula awiri, uwadzaze onse usananyamuke, ndipo usadalire magetsi a mawa. Mkwati ndi mkwatibwi ajambulidwa ndi foni iliyonse pamenepo, koma iwe ukayang'anenso nkhalamba zokhala kumbuyo kwa tenti, zija palibe amazifunsa, ukazijambule mmene zililimo. Inu a masiku ano mumajambula makumi n'kufufuta makumi chala chisanazizire, koma chithunzi si cha mwini nkhope yekha, pali wina kutali amene akuchidikira, mwina sanabadwe n'komwe. Wina akakuuza kuti fufuta, umuyankhe mwaulemu, umuuze kuti uona kunyumba, ndipo ulole sabata ipite.

Tsopano chotsa chivundikiro cha lenzicho, bwerera m'mbuyo pang'ono, dzuwa likhale kumbali kwako. Yamba ndi ine pompano, mmene ndakhaliramu. Koma ukatha usandionetse.