Buku la a Daka Lakulunga Vitumbuwa

LACHITATU

Mwauka bwanji Kabwe. Ndine Philomena wanu, ndipo nthawi ya zilengezo yakwana. Mapepala andichulukira pathebulo lero, choncho amene munalemba mothamanga musandikwiyire ndikaphonya dzina la agogo anu. Tiyeni tiyambe.

Laibulale ya Tiwerenge, ya ku Natuseko kuseri kwa msika, ikudziwitsa anthu onse kuti mabuku oti muwerenge sabata ino ndi awa. Loyamba ndi "Ndiwo za m'Thumba", lophunzitsa kudzala repu ndi tomato m'masaka, ndi dothi lotenga kutali, makamaka kwa inu okhala pafupi ndi milu ya mgodi wakale, kumene dothi lili ndi poizoni. Lachiwiri ndi la ana, "Njinga ya Sandra", lili ndi zithunzi zambiri ndipo mawu ake ndi aakuluakulu. Laibulale ikukumbutsanso kuti buku silikhala pansi, chiswe sichichedwa. Liikeni pa shelefu kapena m'chidebe chotseka. Musanyowetse chala ndi malovu potsegula peji. Musakupizire mbaula ndi buku lobwereka. Posesa pabwalo yambani mwawaza madzi, chifukwa fumbi la kuno si labwino kwa ana. Ndipo inu ogulitsa pamsika, manyuzipepala akale ali m'katoni pakhomo pa laibulale, tengani mwaulere mukakulungire malonda anu. Chilengezochi chachokera kwa Nora Mwenya, woyang'anira laibulale.

Za mbaulazo akunena inu ba neba anga a ku Chililalila. Ndinakuonani ndi maso anga.

Banja la a Daka la ku Natuseko likudziwitsa abale ndi abwenzi, makamaka a ku Petauke okhala muno m'Kabwe, kuti bambo awo, a Josiah Daka, amene anagwira ntchito ya njanji mpaka kupuma, akubwerera kumudzi Loweruka m'mawa. Maso awo anafa ndi matenda a shuga, manje miyendo nayo yayamba kukana, ndipo adokotala anena kuti za kuchipatala zakwana, akapumule kwawo. Ofuna kutsanzikana nawo afike kunyumba Lachisanu masana. Abale a m'mudzi wa kwawo wa Chimtanda atumiziridwa uthenga, koma mpaka pano sanayankhe. Chilengezochi chachokera kwa mwana wawo, Thelma Daka.

LACHINAYI

Kabwe, lero za mbuzi zotayika zidikire pang'ono. Ndiyamba ndi ichi, chifukwa ba Nora a ku laibulale afika nacho okha muno mu situdiyo, akupuma wefuwefu.

Laibulale ya Tiwerenge ikudziwitsa anthu onse kuti buku lotchedwa "Yotamu wa pa Njanji" lasowa. Ndi buku lakale la Chinyanja, ndipo lilipo limodzi chabe. Afunsa ku Lusaka ndi ku Chipata, kulibe. Chiyambire chaka chino, Nora wakhala akuwerengera bukuli a Josiah Daka, mutu umodzi sabata iliyonse, popeza iwo saona. Nkhani yake ndi ya munthu amene anachoka kwawo ali mnyamata, nakalambira m'tauni, kenako n'kuganiza zobwerera. Anatsala ndi mutu womaliza, woti amve ngati Yotamu analandiridwa kwawo kapena anabwezedwa. Nora naye mathero sawadziwa, chifukwa awiriwa anapangana kuti wopenyayo asasuzumire kutsogolo. Dzulo anachotsa chikuto kuti alisokenso, poti ulusi unali utatha, nalisanjika pa katoni ya manyuzipepala pakhomo kuti guluu aume. Pobwera kuchokera ku lanchi anapeza katoni ili mbee. Bukulo lilibe chikuto, mapeji ake ndi achikasu, ndipo ena ali ndi chidindo cha laibulale. Amene walitenga alibweze lero, chifukwa a Daka akunyamuka Loweruka. Chilengezochi chachokera kwa Nora Mwenya.

Ba Nora, pa katoni yomwe ija? Imene munauza tauni yonse kuti atenge mwaulere, ine n'kuwerenga ndi pakamwa pangapa? Iyayi, sindikukudzudzulani mwandi. Khalani pansi, imwani madzi.

Dikirani, Derrick wathu wa ku makina akundipatsa china chimene changofika pa foni.

Amayi Exildah Kangwa, ogulitsa vitumbuwa pa siteshoni ya minibasi za ku Mukobeko, akudziwitsa laibulale kuti bukulo anatenga ndi iwo, pamodzi ndi manyuzipepala. Ataona kuti lilibe chikuto anayesa nalonso n'lotaya, ndipo akuti anakondwera chifukwa peji limodzi limakwana bwinobwino vitumbuwa viwiri. Iwo pong'amba amayambira kumbuyo, ndimo anazolowerera, choncho kutsogolo konse kuli bwino ndipo akukubweza lero lomwe. Koma mutu womaliza unapita ndi makasitomala a dzulo madzulo ndi a lero m'mawa. Akupempha aliyense amene anagula kwa iwo kuti afufuze pepala lija. Akuti a Daka awakhululukire, sanadziwe. Chilengezochi chachokera kwa Exildah Kangwa, wa pa siteshoni ya Mukobeko.

Mayo ine. Kabwe, mwamva nokha. Amene munadya vitumbuwa vya ba Exildah, pisani m'matumba, khuthulani zikwama, suzumirani m'bini musanataye zinyalala. Musachite manyazi kuti anthu adziwa kuti munadyera panjira osasiyirako ana. Bweretsani pepalalo ku Natuseko, za anazo mudzakambirana kunyumba.

LACHISANU

Ndine Philomena, ndipo lero mtima suli m'malo. Ndakhuthula chikwama changa kawiri ngakhale ndikudziwa kuti ku Mukobeko sindinapiteko sabata ino. Tiyeni timve.

Laibulale ya Tiwerenge ikuthokoza anthu onse amene abweretsa mapeji a "Yotamu wa pa Njanji". Ena abwera ndi amayi a ku nyumba za oyang'anira ndende, lina latuluka m'thumba la yunifolomu ya nesi, lina atola m'ngalande pafupi ndi siteshoni. Kwa amene mwapeza peji la mafuta, malangizo ndi awa: musalichape, musalisite, musaliyanike padzuwa. Wazani ufa wa chimanga mbali zonse ziwiri, liikeni pakati pa mapepala oyera, mutsindike ndi njerwa, ufawo umamwa mafuta. Bambo amene anabweretsa peji atalichapa ndi sopo tikuwathokoza ndithu, mwayi wake mawu akuwerengekabe. Lero m'mawa Nora wawerengera a Daka zonse zimene zapezeka, ndipo afika pamene Yotamu watsika lole n'kuona mitengo ya mango ya kwawo. Latsala peji limodzi, lomaliza. Nora analiona posoka koma sanaliwerenge: mawu ake safika pansi, ndipo m'munsi mwalembedwa MATHERO. Laibulale ikhala yotsegula mpaka dzuwa kulowa. Chilengezochi chachokera kwa Nora Mwenya.

Chotsatira n'cholemera, ndiwerenga momwe chalembedwera.

Thelma Daka wa ku Natuseko akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti bambo ake akana kuti awalongedzere sutikesi. Akuti sakwera galimoto asanamve zimene zinamuchitikira Yotamu atafika. Thelma akuti nkhani imene banja limabisa aitula poyera, poti nthawi yatha: bambo ake anachoka ku Chimtanda ali mnyamata ndipo sanapondekonso, ngakhale pa maliro a amayi awo. Akuopa kuti akafika akawafunsa kuti ndinu ndani, mwadzatani. Dzulo Thelma anayesa kupeka mathero ake, akunamizira kuwerenga papepala, koma bambo ake anamudula pakati n'kunena kuti, "Iwe Thelma, usandinamize, Yotamu salankhula choncho." Galimoto ndi ya mlamu wa Thelma, ndipo ikupita mawa lokha. Adokotala anena kuti akachedwa, thupi silidzapiriranso ulendo wautali chotero. Akupempha aliyense amene ali ndi peji lomaliza kuti afike nalo kunyumba kapena ku laibulale, ngakhale litang'ambika. Chilengezochi chachokera kwa Thelma Daka.

Zoona Kabwe, pepala limodzi litikanike tauni yonse? Mwina wina anayatsira mbaula, mwina mwana anapanga kandeke n'kuponya padenga. Ngati munayatsira moto koma munali mutaliwerenga, bweranibe mudzanene zimene mukukumbukira. Ine zandikhudza, sindibisa, nanenso kwathu ku Katete ndinapitako kalekale.

LOWERUKA

Mwauka bwanji Kabwe. Ndiyamba ndi chimene sindinafune kuwerenga.

Banja la a Daka likudziwitsa abale ndi abwenzi kuti anyamuka m'mawa uno kupita ku Petauke. Peji lomaliza silinapezeke. A Daka avomera kukwera atachondereredwa ndi ana ndi akulu a mpingo, koma ngakhale tiyi akana. Apempha chinthu chimodzi, kuti wailesi ya m'galimoto ikhale pa siteshoni ino. Banja likuthokoza onse amene anabwera kudzatsanzika. Chilengezochi chachokera kwa Thelma Daka.

Ulendo wabwino, a Daka. Tinayesa.

Komiti ya msika wa Natuseko ikudziwitsa mamembala onse kuti msonkhano umene unayenera kuchitika Lolemba... Derrick, n'chiyani? Ndani akugogoda pagalasi? Muloleni alowe. Kabwe, pepani, msonkhano udikire. Muno mwalowa bambo wina, makiyi a galimoto ali m'manja, ndipo wandiyalira kapepala pathebulo. Nenani bwinobwino bambo, ine ndizibwereza.

A Pius Lubinda, dalaivala wa minibasi ya ku Mukobeko, akudziwitsa laibulale ndi banja la a Daka kuti peji lomaliza lili ndi iwo. Anagula vitumbuwa Lachitatu madzulo, ndipo atadya anapinda pepalalo n'kulitsekera pa windo lakutsogolo limene limachita phokoso. Wailesi ya m'basi mwawo inafa kale, nkhaniyi aimva lero kwa pasinjala wina amene amadandaula kuti sanagone nayo tulo. Asiya anthu ali m'basi panja pano, akuti awakhululukire. Chilengezochi chachokera kwa Pius Lubinda.

Ndi lomwelo, pansi palembedwa MATHERO. Nanga galimoto ili pati manje? Wailesi yathu ikangopitirira Chibombo imayamba kusowa. Derrick, usandiyang'ane choncho, ndikudziwa kuti pulogalamu ino si yowerenga mabuku, abwana ndikawafotokozera ndekha. Thelma, ngati mukundimva kwezani voliyumu. A Daka, tcherani khutu, ndiwerenga momwe alembera.

"Yotamu anaima m'mphepete mwa bwalo, chikwama chili m'manja. Nyumba ya amayi ake panalibe, pamalopo panali chinangwa. Pakhonde la nyumba ina panakhala mayi wokalamba akutongola chimanga, ndipo Yotamu sanamuzindikire. Mtima unamuuza kuti abwerere kumsewu lole isanapite. Koma anakhosomola pang'ono, nati, 'Odi kuno.' Mayiyo anakweza mutu, namuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, 'Odi wa chiyani pakhomo pako? Tula chikwamacho, Yotamu. Mlongo wako ndakalamba, sindingakunyamulire.'"

Pathera pamenepo. Ndipatseni kamphindi.

Foni ikulira. Derrick, lemba msanga undipatse.

A Josiah Daka akudziwitsa Nora Mwenya, amayi Exildah Kangwa, a Pius Lubinda ndi onse amene anabweretsa mapeji kuti amva, ndipo akuthokoza. Amva mpaka pamene Yotamu wanena kuti, "Odi kuno." Pomwepo wailesi yayamba phokoso n'kuzimiratu. Alamu anafuna kutembenuza galimoto kuti abwerere pamene mawu amamveka, iwo akana. Thelma waimba kuno kuti timuuze zotsalazo pa foni, koma bambo ake amugwira dzanja n'kunena kuti, "Usafunse. Zotsalazo ndikazimva ndekha tikafika." Auza alamu kuti ayendetse. Chilengezochi chachokera kwa a Josiah Daka, panjira ya ku Petauke.

Zilengezo za lero zathera pano, ndinali Philomena wanu. Inu a ku Chimtanda, ndikudziwa kuti wailesi yathu sifika kwanuko. Koma ngati muno m'Kabwe muli wina amene ali ndi nambala yawo, awaimbire, awauze kuti kukubwera munthu madzulo ano, ndipo saona, adzangomva mawu.