Osvaldo Abwera Kudzathokoza Achemwali Ake

Masana a tsiku lomaliza chaka, dzuwa likuwotcha tawuni ya Assaí, Neusa Yoshimura ankaumba timakeke ta mpunga ta Chaka Chatsopano pamene anaona mlongo wake Osvaldo ataima pakhomo la khitchini, bokosi la mphesa lili m'manja. Awiriwa anali asanalankhulane kuchokera mu Malichi, tsiku lomwe Neusa anakanyamula kaguwa ka m'nyumba kokumbukirapo malemu bambo awo kunyumba kwa Osvaldo mwini wake ali kumunda, ndipo mayi awo okalamba anali atanenetsa kuti mawa sadya kanthu ana awo akapanda kukhala patebulo limodzi.

"Achemwali," Osvaldo anawerama mpaka chipewa chinagwa. "Zikomo kwambiri."

Neusa anasasa ufa m'manja. Wabwera kudzapepesa, anatero mumtima, ndipo anakonza nkhope yokhululuka pang'onopang'ono.

"Zikomo wa chiyani?"

"Wa chaka chonse."

"Chaka chonse sitinalankhulane."

"Pa zimenezonso zikomo."

"Iwe, wamwa?"

"Tiyi basi, wa kukachisi. Lamlungu wansembe anatiuza kuti chaka chisanathe, aliyense akathokoze anthu amene amusautsa kwambiri, chifukwa malinga ndi chiphunzitso cha Buda, amenewo ndiwo aphunzitsi ake a kuleza mtima."

Nkhope yokhululuka ija inazimirira.

"Ndiye wabwera kwa ine."

"Ndi mphesa."

"Ine ndakusautsa chiyani?"

Osvaldo anaika bokosi pansi, natulutsa pepala m'thumba la malaya, navala magalasi.

"Ndiyambire Januwale kapena ndilumphire ku Malichi?"

"Aaa! Unachita kulemba?"

"Wansembe anati kuthokoza kwachisawawa n'kwaulesi. Januwale: munauza alendo kuti mpunga wa mkazi wanga ungathe kumangira khoma. Ndinaphunzira kukhala chete. Zikomo."

"Ndinanena zoona!"

"Malichi: munatenga kaguwa ka bambo. Ndinaphunzira kusakakamira zinthu za m'dziko. Munatenganso katebulo kake, ndi fani yokupiza mphepo yomwe inali pambali."

"Bambo ankadana ndi kutentha!"

"Bambo anamwalira zaka zinayi zapitazo, achemwali."

"Nanga kufa kumathetsa kutentha? Kaguwako kanali fumbi lokhalokha! Mpunga womwe unawaikira unali wa dzana, utauma gwaa!"

"Zikomo pondikumbutsa."

"Usandithokoze!"

"Zikomo pondiletsa."

Neusa anatola chikombe n'kuloza nacho kumsewu.

"Tuluka m'khitchini mwanga!"

Osvaldo anayang'ana mapazi ake.

"Sindinalowe. Ndili panja."

"Ndiye lowa kuti ndikutulutse!"

Analowa, atayamba wavula nsapato n'kuziyalika bwinobwino pakhomo.

"Tsopano tuluka."

"Sindingathe. Wansembe anati zikomo wosalandiridwa ndi ntchito yosatha. Mungoti 'ndalandira,' ine ulendo."

"Sindilandira! Ukamuuze wansembe wakoyo kuti ine ndimaphikira kachisi chaka ndi chaka, ndimakolopa, ndimakonza maluwa. Ndine munthu wofatsa ine!"

"Ndikamuuze mawu onsewo, kapena ndisiyeko la kufatsalo?"

"Osvaldo, ndikugenda ndi keke iyi."

"Ikadali yofewa. Dikirani iume."

Neusa anakhala pampando, thukuta lili kamukamu. Anaganiza za mayi awo, omwe akati sadya amatanthauzadi kusadya, ndipo thupi lawo linali litatha kale.

"Amayi akagona ndi njala mawa, mlandu ndi wako."

"N'chifukwa chake ndabwera." Osvaldo anavula magalasi. "Achemwali, m'mawa uliwonse ndimayatsabe lubani. Pamene panali kaguwa paja panatsala chizindikiro pakhoma. Ndimapatsa moni chizindikirocho."

Neusa sanayembekezere zimenezo. Anayang'ana kuchipinda chochezera, komwe chithunzi cha bambo awo chinali kuwombedwa mphepo ndi fani ya eni ake, ndipo anachita manyazi pang'ono, manyazi oti munthu angathe kuwabisa.

"Chabwino. Bwera nazo mphesa zakozo."

Anatsegula bokosilo, naliyeza m'manja.

"Kabokosi kakang'ono chonchi? Kumunda kwako kuja mabokosi ndi aakuluakulu."

"Lalikulu ndapereka kale."

"Kwa ndani?"

"Kwa woyamba."

"Woyamba chiyani?"

Osvaldo anatembenuza pepala lija.

"Pamndandanda. Inu ndinu wachiwiri."

Neusa anatseka bokosi lija.

"Wachiwiri," Neusa anabwereza. "Woyamba ndani?"

"Azakhali a Mitsue."

"A Mitsue! Nkhalamba yopanda mano ija? Akuchita chiyani iwo?"

"Anabwera kudzacheza masiku awiri, anakhala milungu itatu. Ankasintha wailesi ine ndikumvera mpira."

"Milungu itatu yokha! Ine miyezi khumi yathunthu!"

"N'zoona, koma inu munkasautsa muli kutali. Azakhali ankasautsa pafupi. Ndinawerengera mwachilungamo."

"Chilungamo chake chiti? Ndinakulanda bambo ako, iwe!"

"Kamodzi. Wailesi inali tsiku ndi tsiku."

Neusa anaimirira, ufa uli mbuu pamalaya.

"Nanga amene anauza mkazi wako kuti umabisa ndudu m'nyumba ya nkhuku ndani?"

Osvaldo anatong'ola maso.

"Munali inu?"

"Unkayesa ndi nkhuku? Lemba! Nanga amene anakulembetsa kuti uzikaimba nyimbo pa chikondwerero cha kukachisi, akudziwa kuti mawu ako ndi a chitseko cha dzimbiri?"

"Anthu anandiseka mpaka ana analira..."

"Lembanso! Galu wako uja ananenepa n'kuleka kuuwa, unkati ndi matenda? Ndinkadutsa kumpanda kwako Lachiwiri lililonse ndi makombo a nyama."

Osvaldo ankalemba mothamanga, pepala likutha.

"Achemwali, apa ndiye zasintha. Koma chaka chino ndatseka kale. Azakhali ayamba kudya mphesa zija."

"Ndi mano ati?"

"Akuyamwa."

"Ukawalande!"

"Wansembe anati chomwe wapereka usachiyang'anenso."

Neusa anapumira m'mwamba. Anakulunga timakeke tisanu ndi kamodzi m'nsalu, natiponya m'manja mwa mlongo wakeyo.

"Mawa ubwere 12 koloko. Uyambe wayatsira bambo lubani, ukatero udzakhale patebulo pafupi ndi ine. Mkazi wako abwere ndi mpunga wake uja."

"Mwaukhululukira mpungawo?"

"Ayi, ndikufuna poyambira kukusautsa." Neusa anamukankhira nsapato zake ndi phazi. "Chaka chikubwerachi, bokosi lalikulu ndi langa."