Tadala ndi Dothi la M'chipululu

Chaka chija anatseka malire chifukwa cha kolona, inu atsikana, mu Perth munali zii, ndipo sitima imene mumakwera lero pobwera kuno ku Ellenbrook inali isanayambe n'komwe. Ikani mafoniwo pansi, ine sindibwereza.

Nthawi imeneyo mwana wanga Tadala anali woyembekezera, ndipo lesitilanti ya ku Northbridge kumene ankagwira ntchito inali itatseka, choncho ankangobindikira m'nyumba pamene ine ndinali kalikiliki kukolopa kunyumba yosungirako okalamba. Ndiye anayamba kulakalaka dothi. Musaseke! Kwathu mayi wapakati kudya dothi la pachulu si nkhani, amagulitsa ndi pamsika pomwe, lokazinga kale. Koma kuno dothi la kwathu salola kulowa nalo, ndipo ndi ndege zomwe zinali zitasiya kuuluka.

Mwamuna wake, a Banda, ankayendetsa zimagalimoto kumigodi ya kumpoto, m'chipululu, ndipo tsiku lina anafika ndi jumbo ya dothi lofiira, akuti agumula pachulu. Paja mpongozi sumuyang'ana m'maso, choncho ndinayang'ana kukhoma n'kufunsa kuti, "Kodi limeneli likazingidwa?"

"Amayi, dzuwa la kumene kuja ndi ng'anjo," anatero a Banda. "M'dothi lake mulibe chamoyo. Ndi lokazingakazinga."

Safunsa adadya phula. Iwo atabwerera kumigodi, Tadala anayamba kutsegula m'mimba, thupi lili juu kutentha, ndipo masiku amenewo ukangotentha thupi aliyense ankakuthawa. Kuchipatala anamuyeza kolona osamupeza, koma anamugoneka poopera mwana. Ine anandibweza pakhomo. Kwathu wodwala amakhala ndi womudikirira, wogona pansi pa bedi n'kumamuyankhira mafunso, koma kuno ndinatsala ndi foni yokha m'manja.

Kutacha Tadala anandiimbira. "Amayi, madokotala akungofunsa chimene ndadya."

"Ndiye wawauza?"

"Ndinene kuti ndimadya dothi? Andiyesa wamisala, mwinanso mwana akabadwa andilanda. Musayerekeze kunena, amayi."

"Nanga mwanayo akusuntha?"

"Pang'ono," anatero.

Ndinaimbira Chisomo, mtsikana wa m'kwaya ya kutchalitchi kwathu kuno, amene ankaphunzira za m'nthaka kuyunivesite. Anayamba kundithira Chizungu, ndipo ndinamudula. "Iwe, sukulu yanga ndi ya kwacha, ndinadziwa kuwerenga ndili ndi ana kale. Lankhula Chichewa, fulumira."

"Pepani amayi," anatero. "Dothi la m'chipululu si lakufa ayi. Mukatapa pakasupuni, muli tizilombo tosaoneka ndi maso ta mitundumitundu, tambiri sitinapatsidwe ndi mayina omwe. Dzuwa likamaswa mtengo timangogona, kudikira madzi. Tochuluka n'tabwinobwino, timathandiza zomera, koma tina ayi, ndipo nyama nazo zimadzithandiza pomwepo. Sindinganene kuti ladwalitsa ndi dothilo, koma madokotala adziwe lero."

"Kudikira madzi?" ndinatero. "Nanga m'mimba mwa munthu ndi mouma?"

Sindinadikire yankho. Ndinatenga jumbo ija kuseri kwa chitini cha mpunga kumene Tadala ankaibisa, ndinamanga masiki, n'kuthamangira basi. Inu lero mumadandaula sitima ikachedwa pang'ono, koma basi ija inkaima paliponse, ndipo njira yonse ndinkangodzifunsa kuti, nanga akamulandadi mwanayo, Tadala adzandiyang'ananso? Nanga ndikabwerera nayo jumboyi, tidzaika angati m'manda, kudziko la eni, opanda ndi mbale mmodzi wodzakhuza?

Pakhomo la chipatala mlonda ananditsekereza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho ndinaimika jumbo ija m'mwamba n'kukuwa ndi Chizungu changa chothyokathyoka kuti mwana wanga ali ndi pakati ndipo wadya ichi. Anthu anacheuka, ine osasamala. Anatuluka nesi wachizungu, wa imvi ngati ine, anasuzumira m'jumbo, ndipo sanaseke. Anangofunsa kumene dothilo lachokera ndi pamene Tadala anayamba kulidya, ndipo anati kulakalaka dothi nthawi zambiri kumasonyeza kuchepa kwa magazi, akuti wakumana nawo amayi otere. Analowa nayo mofulumira.

Ndinakhala pabenchi panja mpaka dzuwa kupendeka, ndikuimba foni, Tadala osayankha. Sindinadziwe ngati wakwiya kapena zavuta. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimadziwa, ena kuwabwereza. Kenaka foni inalira.

"Amayi, mwandiyalutsa," anatero Tadala. "Koma andisinthira mankhwala, andipatsanso owonjezera magazi. Mwana akumenya, mpaka nthiti kuwawa."

Ngati linali dothilo kapena china, madokotala sanatsimikize, koma Tadala anachira, chilakolako chija chinatha, ndipo mwana anabadwa wamkazi. Palibe amene anabwera kudzamulanda. Ndi yemwe uja amathamanga m'tchalitchi n'kumandiyankha Chizungu cha m'mphuno.

Ndiye inu ana anga, tsiku lanu likadzafika, dokotala muzimuuza zonse, ngakhale zimene mukuona ngati zakumudzi. Manyazi amatha pa sabata, koma maliro a mwana satha. Ndipo pakamwa pakadzakulemerani, mudzandiimbire ine, ndikakunenerani.