Mafuta a Pampu ya M'chipinda Nambala 4

Ine, amene kuntchito amanditcha Sipanala, wa zaka 51, wokhala m'nyumba za antchito kuseri kwa yunivesite, wokonza makina mu labotale ya fizikisi, ndikunena izi:

Ndagwira ntchitoyi zaka 22. M'chipinda nambala 4 muli thanki yachitsulo ya kawindo kamodzi. Timachotsa mpweya wonse m'thankimo ndi pampu, n'kulowetsamo okosijeni, kenaka n'kuyatsa magetsi a mafunde a wailesi. Okosijeniyo amayamba kuwala, ndiye plazima imeneyo. Womwalirayo, wophunzira wa digiri yomaliza amene tonse tinkangomuti Asisi, ankawerenga maayoni a negetivi m'plazimamo, kuti alipo angati poyerekeza ndi maelekitironi. Ankalowetsa kawaya kowonda ngati tsitsi, n'kuwombera kuwala kwamphamvu kwa leza, n'kulemba manambala. Anachita zimenezi zaka zitatu, ndipo sanathyolepo kawaya n'kamodzi komwe.

Pampu yake ili pansi pa tebulo, theka la mita kuchokera pampando wake. Pampu yokoka okosijeni ili ndi mafuta akeake, osayaka. Mafuta wamba akakumana ndi okosijeni wambiri pamalo otentha amaphulika. Izi ndimaphunzitsa ndine kwa aliyense wobwera kumene.

Lolemba pa 3, pampuyo inayamba kulira moipa. Mafuta ake anali atatha, ndipo oitanitsa kunja anali asanafike. Cha m'ma 2 koloko masana ndinauza Pulofesa, mkulu wa labotale, kuti makina aime. Anakana, nati sabata imeneyo Asisi angogwiritsa ntchito mpweya wa agoni, umene suyatsa kanthu. Anandiuza kuti nditsuke pampu, ndithire mafuta wamba.

M'labotale mwathu kusintha kulikonse timakulemba m'buku lomwe lili pachitseko, ndipo aliyense amaliwerenga asanayatse makina. Nditatenga cholembera, Pulofesa anati, "Sipanala, zimenezo usalembe. Oyendera za chitetezo akubwera mwezi uno." Sindinalembe. Ndinkaopa munthu amene ngakhale fyuzi satha kusintha.

Lachinayi pa 6, nthawi ya 9:15 m'mawa, ndinakumana ndi Asisi pamakwerero. Anandiuza kuti Pulofesa akufuna manambala a okosijeni yekhayekha pofika Lachisanu, oti akawaonetse kumsonkhano. Asisi anali atawerenga kale buku lija. Anafunsa kuti, "Malume, pampu yanga ili bwino?"

Ndinayankha kuti, "Ili bwino, Asisi."

Ndinaganiza zokaonana kaye ndi Pulofesa kuti awauze okha Asisi za mafutawo. Ofesi yao inali yokhoma. Ndinadikira pakhomopo mphindi 20, kenaka anthu ena anandiitana kukakonza fani m'chipinda china, ndipo ndinapita.

Nthawi ya 10:40 ndinamva kuphulika. Ndinali pamtunda wa mamita ngati 15. Ndinapeza utsi wakuda, tebulo litagwa cham'mbali, moto ukutuluka pansi. Asisi anali pansi, siketi ndi jasi lao zikuyaka. Ndinatseka botolo la okosijeni, ndinawakulunga ndi bulangete lozimira moto, n'kuwanyamula kutuluka nao panja. Sankalira. Ankangofunsa ngati kompyuta yasunga manambala. Ambulansi inafika 11:05.

Lachisanu madzulo, cha m'ma 5, Pulofesa anandipeza pamalo oimika magalimoto kuchipatala. Ananena kuti m'buku mulibe chilichonse, choncho tinene kuti mtsikanayo anasokoneza yekha mabotolo a mafuta. Anatinso ndiganizire ana anga ndi nyumba ya kuntchito imene ndikukhalamo. 

Asisi anamwalira Lamulungu pa 9, nthawi ya 1 koloko masana. Mayi ao anandipeza pabenchi yapanja pa wodi. Anagwada pansi, anandigwira manja onse awiri, amenewa omangidwa mabandejiwa, nati, "Bambo, Mulungu akudalitseni. Inu nokha ndinu munayesetsa pa mwana wanga."

Ndinachita manyazi oti sindinachitepo chibadwire. Masiku awiri ndakhala m'nyumba osadya. Lero ndabwera ndekha, palibe wandituma. Ndapereka kwa apolisi chigubu cha mafuta wamba cha malita asanu, chotsala theka.

Asisi sanakhudzepo mafuta a pampu. Analamula ndi Pulofesa, koma anathira ndine. Ndipo atandifunsa pamakwerero, panalibe Pulofesa pamenepo.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi. Andiwerengera, ndipo ndavomereza.

Wopereka umboni: ____________
Wolemba, wapolisi wofufuza: ____________