Makope a Bambo Chimphepo Anakulungira Usipa

Malemu athu, bambo Lodwick Chimphepo, anabadwa pa 9 Juni 1951 kuno ku Lifuwu. Sukulu anayamba mu 1959, ndipo mu 1973 analowa ntchito ya uphunzitsi. Pa 14 Ogasiti 1976 anamanga banja ndi mayi Scholastica, amene akhala apawa.

Chiyambire chaka cha ukwatiwo, malemu ankalemba m'kope zowachitikira tsiku ndi tsiku. Ankafuna kudziwa ngati munthu amakumbukiradi moyo wake kapena amangoupeka. Chaka chikatha, mayi ankatsegula kope paliponse n'kuwafunsa za tsikulo, iwo n'kuyankha pamtima, kenaka n'kuyerekeza ndi zolembedwa. Kawirikawiri kope linkawatsutsa, ndipo ankaseka kuti mutu wawo ndi mboni yabodza.

Atapuma ntchito mu 2011, anathandiza akatswiri ofufuza za kukumbukira. Ankatchulira okalamba liwu limodzi, monga bwato kapena mpunga, n'kulemba nkhani imene yawabwerera ndi chaka chake. Anaona kuti okalamba amakumbukira za paunyamata kuposa za dzana.

Mu 2021 anagwidwa ndi matenda oiwalaiwala. Anaiwala ana, anaiwala njira ya kutchalitchi. Koma mayi akawawerengera kope, nzeru zinkabwerera, mpaka kutchula mkazi wawo dzina.

Apa ndilankhula mosabisa, ngakhale ndi pamaliro. Mu Malichi chaka chino, mayi ali kuchipatala kudwazika malemu, abale tinabwera kudzakonza m'nyumba. Mmodzi mwa ife, munthu wamkulu wodziwa kuwerenga, anaona makope makumi anayi ndi asanu aja n'kunena kuti ndi zinyalala. Anakawapereka kudoko kuti azikulungira usipa. Moyo wonse wa munthu, kukulungira usipa! Ine zikundinyansa. Wochita izi ali pompano, watchena, ndipo akulira mokweza kuposa tonse.

Malemu atatuluka m'chipatala panalibenso chowawerengera. Mayi anayesa kuwafotokozera pamtima, koma iwo ankangowayang'ana ngati mlendo. Anatisiya pa 2 Meyi, asakudziwa amene wawagwira dzanja.

Asiya mkazi, ana atatu, Godwin, Pauline ndi Ella, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza a mpingo, adzukulu amene akumba manda, ndiponso mayi Asma ogulitsa nsomba, amene anazindikira kalembedwe ka aphunzitsi awo akale n'kupulumutsa masamba atatu onunkha usipa. Anafika nawo dzulo, woyenera kuwerengeredwa ali kale m'bokosi.

Mzimu wa bambo athu uuse mumtendere.